Tsamba Limene Sindinabweze kwa Ada Shaba

Amene anayamba kundiuza ndi NyaTembo, mnzanga wogulitsa tomato pafupi ndi pamene ndimakhazika beseni langa la zitumbuwa. Linali Lachiwiri m'mawa, kukuzizira monga kumachitira kuno ku Mzimba mwezi wa Juni, ndipo ndinali ndisanatule n'komwe. Anandigwira pamkono nati, "NyaBanda, tulani kaye. Ada Shaba atisiya."

Ndinatula. Sindinalire nthawi yomweyo. Chimene chinabwera m'mutu mwanga, Mulungu andikhululukire, si nkhope yawo ayi, koma Baibulo langa limene ndinalisiya kunyumba, ndi tsamba limodzi la buku limene lakhala m'kati mwake zaka khumi ndi chimodzi. Tsambalo linali lawo. Ndinkati ndidzabweza, ndipo tsiku ndi tsiku ndinkadutsa pakhonde pawo osabweza.

Za tsambalo ndinena. Koma ndiyambe ndi mwini wake, chifukwa ambiri pa Boma pano ankangowadziwa ngati telala wochedwetsa zovala.

Ankasoka pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msika, moyang'ana msewu wopita kuchipatala. Kale ankasokera maovololo anthu ocheka matabwa ku Chikangawa, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha, ndi bokosi la matabwa a paini limene linkakhala pafupi ndi makina awo. Anali aatali, owerama pang'ono, tepi ili m'khosi nthawi zonse. Akazi awo, NyaMoyo, ankachita kuwavula tepiyo pakhomo la tchalitchi. Ine ankandilankhula m'Chichewa chifukwa ndine wakumalire ndi Kasungu, koma chinali Chichewa chawochawo, chiganizo chikayamba kwathu chimakathera kwawo m'Chitumbuka.

M'bokosimo munali mabuku a nthano za ana. Ena a Chichewa, ena a Chingerezi, ochepa a Chitumbuka, onse akale, ofewa ngati nsalu chifukwa chogwiridwagwiridwa. Lililonse analisokera chikuto ndi zidutswa zotsala posoka zovala za anthu, mwakuti dzina la buku silinkaoneka. Palibe mwana amene ankatchula buku ndi dzina lake. Ankati la khaki, la maluwa ofiira, la suti ya mkwati, la buluu. Munthu umatha kuona mwana akudutsa atakumbatira chidutswa cha diresi lako la Khirisimasi.

Mwana akabwera kudzabwereka, choyamba chinali manja. Pambali pa makina pankakhala kabeseni ka madzi ndi kachidutswa ka sopo. "Iwe, manja," basi, osadzutsa mutu. Kenako ankamuyang'ana mwanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga amachitira poyeza munthu malaya. Mwana sankasankha yekha. "Uyu ngwa la khaki. La maluwa likumukulira, adikire mvula ikubwerayi." Sankalemba mayina paliponse. Ankadziwa pamtima kuti lakuti lili kwa mwana wa uje ku Engalaweni, lakuti lili kwa mdzukulu wa wogulitsa makala.

Koma chimene chinkadabwitsa anthu n'chakuti sankapereka buku asanaliwerengenso okha. Ngakhale limene analiwerenga kambirimbiri. Mwana ankauzidwa kuti abwere mawa, ndipo tsiku lonselo makina ankakhala chete, iwo magalasi ali pamphuno, milomo ikugwedezeka. Ankati sangadyetse mwana wa mwini chinthu chimene iwo sanachilawe sabata imeneyo. Ankatinso buku silikhala chimodzimodzi, limene unawerenga uli ndi mano onse limakuuza zina ukaliwerenga uli ndi mano asanu. Ine ndinawaonapo akuseka okha mpaka kutsokomola, ndinawaonaponso akupukuta magalasi nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

Pobweza buku panali mayeso. Sankafunsa ngati linali labwino. Ankafunsa kuti, "Unakwiya pati?" Mwana akangoti lonse linali lokoma, ankamubwezera m'manja. "Ndiye sunawerenge. Pita nalonso." Koma akati ndinakwiya pamene amalume ake ananama, mbwenu nkhope yawo inkawala, ankakoka kabenchi, ndipo awiriwo ankakangana za amalumewo ngati ndi munthu wa pa Boma pano.

Akuluakulu nawonso sankapulumuka. Akabaza odikira chigamba, amayi odikirira odwala kuchipatala, ngakhale wapolisi wina wodzachepetsa thalauza, onse ankamva kuti pali buku limene likuwayenera. Ambiri ankaseka n'kunena kuti zimenezo n'za ana. Iwo ankayankha kuti ndiye n'chifukwa chake, za akuluakulu mwazimva kale zokwanira.

Sindinena kuti anali munthu wosavuta. Mwana wopinda ngodya ya tsamba ankamukalipira mpaka kulira. Wina atataya buku anamumana chaka chathunthu, ngakhale mayi ake atabwera kudzapepesa. Ndipo zovala zinkachedwadi. NyaMoyo ankabwera ndi chakudya masana n'kuwapeza ali m'buku.

"Munthu wamkulu, imvi mbuu, kulirira ng'ombe ya papepala. Thalauza la aphunzitsi lili apo lopanda zipi sabata yachiwiri."

"Thalauza silithawa, NyaMoyo."

"Silithawa, koma aphunzitsi athawa. Tidya mabuku anuwo?"

Mkulu wina wa mpingo wathu anawadzudzulapo kuti akudzaza mitu ya ana ndi nkhani zabodza. Sanakangane naye. Anangosokera buku lina chikuto chakuda ngati la nyimbo, n'kumupatsa kuti akaone yekha pamene pali bodzapo. Patapita masabata awiri linabwera ndi akazi a mkuluyo, amene anafunsa motsitsa mawu ngati pali lina lotsatira, akuti la adzukulu. Adzukuluwo tonse tinkadziwa kuti ali ku Mzuzu.

Mabukuwo poyamba anali a mwana mmodzi. Ada Shaba ndi NyaMoyo anali ndi ana aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, Wongani. Ali ku Chikangawa ankamugulira buku limodzilimodzi akapeza mpata, ndipo ankawerenga mosinthana, mwana poyamba, bambo pambuyo. Wongani anali ndi chizolowezi cholemba ndi pensulo m'mbali mwa masamba, kuwasiyira bambo ake timawu. Apa musamukhulupirire uyu. Apa ndinaseka chomene. Atakula anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri kuno. Zaka zoyamba ankaimba foni, anatumizanso bulangete. Kenako nambala inasiya kugwira. Ena obwerako ankati anamuona kwakuti, ena kwakuti. Mpaka lero palibe akudziwa. Ada Shaba sananenepo kuti mwana wawo anamwalira, sananeneponso kuti adzabwera. Anangotulutsa bokosi lija pakhonde n'kuyamba kubwereketsa.

Tsopano ndinene zanga.

Mwana wanga Tiyamike ali Sitandade 7 ndi amene ankapita kwambiri pakhondepo. Teremu imeneyo analephera masamu. Tsiku lina ndinamusiyira nyemba pamoto, ndipo pobwera ndinapeza utsi uli tolo, poto wapserera, iye ali kuseri kwa nyumba ndi la buluu, misozi ili m'masaya. Ndinamulanda n'kuliponya m'beseni langa. M'mawa mwake unali kutha kwa mwezi, anthu ambiri pamsika, ndipo mapepala okulungira zitumbuwa anandithera isanakwane naini. Sindinganene kuti sindinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinali ndikadali wokwiya. Ndinadula ulusi ndi mano, ndinachotsa chikuto, ndipo tsamba ndi tsamba linapita ndi chitumbuwa chake.

Wakabaza wina anakadyera chake pakhonde la Ada Shaba, akudikira chigamba, n'kutaya pepala pansi. Iwo sankalola pepala lolembedwa kugona pansi. Anawerama, anatola, ndipo anaona pensulo ya mwana wawo itanyowa mafuta.

Aka kanali koyamba anthu kuwaona atasiya makina masana. Anabwera pamalo panga atagwira pepalalo ndi manja awiri.

"NyaBanda, ndapota nanu, ena ali kuti?"

Amayi anzanga onse anasiya kuitana makasitomala. Manyazi anandigwira, ndipo manyaziwo anatuluka ngati ukali.

"Atha. Palibe latsala. Mabuku anuwa si amene anamuzunguza mutu mwana wanu? Lero ali kuti? Mukufuna muzunguzenso wanga?"

NyaTembo anagwira pakamwa. Ada Shaba anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Yewo, mama," n'kutembenuka.

Masiku atatu makina sanalire. Munthu wamkulu uja anayenda Boma yonse maso ali pansi: kudepoti kwa maminibasi, pachipata cha chipatala, m'ngalande za kumsika, kuseri kwa maofesi kumene amesenjala amadyera. Ankafunsa aliyense ngati anagula chitumbuwa kwa NyaBanda Lachisanu, ndi kumene anataya pepala. Ena ankati mutu wayamba kuwasokonekera. Ena anawathandiza. Mayi wina wodikirira wodwala anawabweretsera masamba atatu amene anakulungiramo mchere. Onse pamodzi anapeza pafupifupi theka. Anawasita limodzilimodzi ndi simbi ya makala, ataika pakati pa nsalu kuti mafuta atuluke. Osowawo anawalemba pamanja, pamapepala a kope, kuchokera m'mutu, chifukwa bukulo ankalidziwa ngati njira ya kwawo. Anasoka zonse pamodzi, losindikiza apa, lolemba pamanja apo, n'kuvekanso buluu wina.

Tsamba lomaliza silinapezeke. Analemba mathero a nkhani kumtunda kwa pepala, koma theka lakumunsi analisiya loyera. Ana akafunsa chifukwa chake, ankati pamenepo pali mwini wake.

Tsamba limenelo linali kwa ine. Ndinalipeza sabata yotsatira ndikutsuka beseni, litamatirira pansi pa kasaka kamene ndimayala m'katimo. Kumunsi kwake kunali pensulo, zilembo zopendama za mwana, m'Chitumbuka. Analemba kuti: Adada, mukafika pano musalire, ine sindinalire. Ndipo pansi pake, tizilembo tating'ono: pang'ono pokha.

Ndinakhala pansi pabwalo, manja ali ndi thovu. Pamenepo m'pamene ndinadziwa chimene ndinang'amba.

Patatha mwezi ndinapita ndi bambo a Tiyamike kukapepesa, titanyamula nkhuku. Anatilandira bwino. Za mawu anga aja Ada Shaba anati zatha, munthu akakwiya pakamwa pamathamanga. Tikutsanzika anandifunsa mofatsa, "Palibe ngakhale limodzi linatsalira, mama? Mwina pansi pa beseni?" Ine, pamaso pa amuna anga, pamaso pa NyaMoyo, ndinati palibe. Ndinali nditanena kale pamsika kuti atha, ndipo ndinaopa kuoneka kuti ndinkabisa. Ndinadziuzanso kuti akaona zilembo za mwana wawo zili ndi banga la mafuta anga, bala lidzatseguka. Pamsika paja ndinalankhula ndi ukali, tsambalo ndisanalipeze. Koma bodza ili ndinalinena nditagwada, ndipo ndi limene landilemera.

Tsiku lomwelo anatipatsira Tiyamike buku lina. Anati mwana amene amalira ndi buku mpaka kupsereza nyemba si wofunika kumumana, ngofunika kumugulira wotchi. Masamu aja anadzakhoza. Lero ndi mphunzitsi kusukulu ina kufupi ndi Luwawa, ndipo ndikamuona ataima pamaso pa ana ndimathokoza Mulungu, ndimathokozanso khonde lija.

Zaka zinapita. Chaka chilichonse chinkawonjezera kulemera kwa kapepalako, chifukwa funso silinalinso lakuti unang'ambiranji, koma lakuti unasungiranji nthawi yonseyi. Pa Mgonero ndinkatsegula Baibulo mosamala kuti oyandikana nawo asaone. Ndinapempherapo kangapo kuti Ambuye andipatse mphamvu, koma ndikuona tsopano kuti ndinkapempha mphamvu pamene chofunika chinali kungoyenda mapazi ochepa.

Maso awo atayamba kuchita mdima anasiya kusoka, koma pakhonde sanasiye kubwera. Lamulo lija linakhalabe, buku silituluka asanalilawe, kungoti tsopano wobwerekayo ankayenera kuwawerengera mokweza masamba oyamba. Ukadumpha mzere ankakugwira. La buluu ndilo ankalifuna kawirikawiri. Wowerenga akafika pamathero, iwo ankatambasula dzanja, n'kusisita ndi chala pamalo oyera paja, kenako n'kutseka.

Mwezi wa Meyi chaka chino, nditamva kuti chifuwa chawagoneka, ndinamanga tsambalo pakona ya chitenje n'kupita kunyumba kwawo. Ndinawapeza akuwothera dzuwa atafunda bulangete la ku Joni lija. Anazindikira mawu anga.

"NyaBanda. Tiyamike ali uli kuthengo kwake kuja? Ana akumumvera?"

"Akumumvera, Ada."

"Mumuuze la maluwa ofiira likumudikira. Pano lamukwana."

Dzanja langa linali pamfundo ya chitenje. M'nyumba munali alendo, ana awo aakazi akulowa ndi kutuluka. Ndinati ndibwerenso tsiku lopanda anthu. Tinapemphera, ndinatsanzika, ndinabwerera nalo. Sindinawaonenso.

Tiyamike anafika madzulo a tsiku limene NyaTembo anandiuza. M'mawa mwake, tisanapite kumaliro, ndinamuitanira kuchipinda n'kutsegula Baibulo. Ndinkayembekeza kuti adabwa. Anangoyang'ana pansi.

"Ndikulidziwa, amama. Ndinaliona ndili Fomu 2, ndikufuna vesi la kusukulu."

"Osandiuza?"

"Ndinakawauza Ada Shaba."

Ndinafunsa kuti ndiye anati chiyani.

"Anafunsa ngati pensulo ikuonekabe. Ndinati ikuoneka. Ndinati ndikalitenga mobisa ndibwere nalo, anakana. Anati lili m'Baibulo, silinyowa, ndipo mayi ako usawavutitse, adzabwera nalo okha akadzatha."

Zaka zisanu ndi zitatu. Nthawi yonseyo ankandipatsa moni, ankandigula zitumbuwa, anasokera mwana wanga diresi la tsiku lomaliza maphunziro, akudziwa. Ndipo tsiku lija la Meyi, maso osaona, mwina ankamva dzanja langa likulimbana ndi mfundo. Anadikira, ine sindinathe. Anthu akuti ndidzitonthoze poti anandikhululukira kalekale. N'zoona. Koma munthuyo ankafuna kugwira zilembo za mwana wake kamodzi kokha asanapite, ndipo amene anamumana ndine. Chimenechi sindikuchipezera pochiika.

Maliro atatha, anthu atachepa, ndinapita kwa NyaMoyo n'kuwauza zonse, kuyambira pa beseni. Anatenga tsambalo, analiyandikiza kumaso, anawerenga. Kenako anati, "Ankanama mwana ameneyu. Analira tsiku lonse, mpaka anakana kudya." Sananditukwane, sanandiuzenso kuti palibe kanthu. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi la buluu, singano ndi ulusi, n'kuziika pamiyendo panga.

"Munadula ndinu. Sokani."

Ndinasoka. Ine si telala, mizere yanga ndi yokhota poyerekeza ndi yawo, aliyense adzaona pamene pathera dzanja lawo ndi pamene payambira langa.

NyaMoyo anandilola kupita nalo kunyumba sabata imodzi. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndimawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Kanali koyamba kuwerenga buku limene ndinaling'amba. Ndi nkhani ya mnyamata amene analera thole, mwana wa ng'ombe wofedwa mayi ake, kulimwetsa phala ndi dzanja mpaka litakula. Kenako mkulu wake anafuna kukwatira, ndipo ng'ombe ija inawerengedwa pa malowolo. Mnyamatayo anapempha kuti aiperekeze yekha kumudzi kwa mkazi, ndipo anabwerera ndi chingwe chokha m'manja. Ndinamaliza, ndinayambiranso. Akanakhalapo kuti andifunse pamene ndinakwiya, ndikanawauza.

Makolo anzanga, ngati mwana wanu wabwera ndi buku lotere, musanamulande, khalani pansi muliwerenge inuyo. Nyemba zimagulidwa zina. Bokosi lija NyaMoyo apereka kwa Tiyamike kuti lipite kusukulu kwake, ndipo wati kabeseni ka madzi kadzakhala pakhomo la kalasi. La khaki ndi labwino kwa oyamba kumene, ndi la mtsikana wotsatira mbuzi zotayika mpaka kudera losadziwa chilankhulo chake. La buluu lokha latsala kwa mayi ake a Wongani. Akuti limeneli lidikira mwini wake.

Dzulo ndinadutsa pakhonde paja. Makina anachotsedwa. Pasimenti patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inadya pansi zaka zonsezi, ndi malo oyera a makona anayi pamene pankakhala bokosi. Msomali umene ankakolekapo tepi ukadalipo. Ana awiri a yunifomu anaima pamenepo, anayang'ana, mmodzi anapukuta manja pamalaya mwachizolowezi, kenako anapitirira.

Inu owerenga, ndapota nanu, kumbukirani banja la Ada Shaba m'mapemphero anu. Kumbukirani NyaMoyo, amene watsala yekha m'nyumba, ndi ana awo aakazi awiri. Ndipo inu amene muli ndi abale ku Joni, mukamva za munthu wa ku Mzimba dzina lake Wongani, mwana wa telala, amene ali mwana ankalemba m'mbali mwa mabuku, mumuuze kuti bambo ake anagona mwezi wa Juni. Mumuuzenso kuti mayi ake akadali ndi moyo, ndipo tsamba lake lomaliza labwerera pamalo pake.